Njati Yogwada M'galaja

Chodabwitsa choyamba chimene Aphunzitsi anaona chinali chakuti galimoto inali itafupika.

Analowa m'galaja m'mawa kukatenga tsache, ndipo anapeza lona imene anafunditsa galimotoyo atabwerako kumaliro ikukhudza simenti mbali zonse. Dzulo lake matayala ankaoneka bwinobwino. Anaima pakhomo kwa kanthawi, kenako anatseka chitseko pang'onopang'ono ngati akutseka chipinda cha wodwala.

Galimotoyo inali ya malemu amuna awo, amene ankagwira ntchito yoyeza malo m'madera opanda misewu. Inali yaikulu, yakuda, ya dizilo, ya mipando yachikopa, ndipo malemuwo ankaitcha Njati. Anakhala nayo zaka zambiri, mpaka chikopa cha mpando wa dalaivala chinang'ambika, galasi limodzi lakumbuyo linasiya kutsika, koma injini yake sinawagonetsepo panjira. Panali zizolowezi ziwiri zimene banja lonse linkadziwa. Akafika pakhomo sankazimitsa injini nthawi yomweyo. Ankakhala phee m'galajamo, injini ikulira chapansipansi, ati kuti Njati ipume kaye, uku chakudya chikuzizira patebulo. Chachiwiri chinayamba Aphunzitsi atavulala chiuno. Njati inalibe masipuling'i, inkakhala pa matumba a mpweya, ndipo panali batani loitsitsira pansi. Mkazi wawo akamayandikira chitseko, bamboyo ankadina batanilo n'kunena kuti, "Gwada, Njati, adona akwere." Galimoto inkausa moyo, n'kutsika.

Usiku wa tsiku limene anaona lona ija, Aphunzitsi anaumva mpweyawo. Chipinda chawo chinagundana khoma ndi galaja, ndipo tulo tinali titawathawa kuyambira pamene mbali ina ya bedi inatsala yopanda munthu. Kunja kunalibe mphepo. Firiji kukhitchini inalira n'kusiya. Ndiyeno kuseri kwa khomalo kunamveka kuusa moyo kwakutali, kolemera, ngati kwa munthu wotopa amene wakhala pansi pomaliza. Anagwira bulangeti mwamphamvu mpaka kunja kunayera.

Patapita masiku angapo kunabwera china. Poyamba anangomva magalasi a zenera akunjenjemera pang'ono. Kenako anazindikira kulira kuja, kwapansi, kosathamanga, kumene analimva madzulo aliwonse kwa theka la moyo wawo wa m'banja. Fungo la dizilo linalowa pansi pa chitseko. Pamene anapeza mphamvu zoyatsa getsi n'kukafika kugalaja, kunali zii. Lona inali m'malo mwake. Anaika dzanja pamwamba pa boneti, ndipo panali pofunda.

Makiyi anali m'kabati yawo, pansi pa malaya a malemu, pomwe anawasiya.

Nkhani sinachedwe kutuluka kunja kwa mpanda. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anati anaona kuwala kobiriwira m'mipata ya chitseko cha galaja. Ena anati munthu amene anakonda chinthu chotero sachisiya msanga. Alamu awo a Aphunzitsi, mng'ono wa malemu, anabwera atavala jekete lawo lopitira kumisonkhano.

"Alamu, chinthuchi chichoke pano," anatero akunong'ona, ngakhale m'chipindamo munali anthu atatu okha. "Mwaonda. Simukugona. Ndapeza munthu woifuna, abwera Loweruka m'mawa. Kodi inu mungayendetse chigalimoto ngati nyumba chimenechi?"

Aphunzitsi anayang'ana mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankangomutcha Nesi chifukwa cha ntchito yake. Iye anabwerera kudzakhala ndi mayi ake pambuyo pa maliro, ndipo chibwerereni sanatchulepo za bambo ake. Nesi ankangoyang'ana m'kapu yake.

"Abwere," anatero Aphunzitsi. Mawuwo anawapweteka potuluka, koma mantha anali atawatopetsa.

Lachinayi kunabwera makaniko amene ankaisamala Njati chiigulireni, kuti aione isanapite. Anachotsa lona, n'kuisisita pachitseko ngati akupereka moni kwa mnzake wakale.

"Zogwadazi musade nazo nkhawa, amayi," anatero ali chogona pansi pake. "Matumba akakalamba amataya mpweya pang'onopang'ono. Ifenso tikakalamba timatero, kungoti sitiulula." Anaseka yekha, kenako anatsegula boneti, ndipo kuseka kunatha. "Mwati yakhala miyezi osalizidwa?"

"Chimwalirireni bambo."

"Ndiye batire iyi ikanakhala itafa kalekale. Koma ili ndi moyo kuposa ine." Anasuzumira mkati. "Dizilonso watsika. Tsiku lomaliza ndinadzaza ndine." Anapukuta manja ake nthawi yaitali, osawayang'ana kumaso. "Ine ndimadziwa zitsulo basi, amayi."

Lachisanu madzulo Aphunzitsi anaganiza mofatsa. Mawa galaja idzakhala yopanda kanthu, ndipo chilichonse chimene chinkabwera usiku sichidzapezanso pofikira. Ngati anali amuna awo, sanawathawepo ali moyo, ndipo sankaona chifukwa choyambira tsopano. Nyumba itagona, anavala juzi, anatenga kampando, n'kukakhala pakona ya galaja, kuseri kwa shelefu ya zitini za oilo.

Mdima wa mmenemo unali ndi fungo la mphira ndi fumbi lakale. Malata ankathetheka pozizira. Patsogolo pawo Njati inali chimthunzi chachikulu chopuma pansi pa lona, ndipo nthawi zina ankaona ngati lonayo ikukwera n'kutsika. Chiuno chinayamba kuwawa. Sanasunthe.

Chitseko chochokera kukhitchini chinalira pang'ono. Kunamveka mapazi opanda nsapato pa simenti, kenako lona ikukwezedwa mbali ya dalaivala. Timagetsi tobiriwira tinayaka mkati. Amene anakhala pampandoyo sanalize injini msanga; anadikira kaye kuti kagetsi kachikasu kazime, monga momwe malemu ankachitira ndi dizilo wozizira. Injini inadzuka, ndipo galimoto inayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka inaima pa msinkhu wake wonse.

Aphunzitsi anadzuka, nakoka lona yonse mpaka inagwa pansi. Pachiwongolero panali Nesi, atavala malaya ogonera, nkhope yonyowa.

"Amayi!"

"Tsitsa mawu. Makiyi wawatenga kuti?"

"Ndi apadera aja. Adadi anandipatsa kuchipatala." Anapukuta mphuno ndi dzanja ngati kamwana. "Anati dizilo safuna kugona nthawi yaitali, ndiziiliza kawirikawiri batire ingafe. Anati inu mudzaifuna mukadzalimba mtima."

"Nanga osandiuza bwanji? Anthu akuti m'nyumba muno muli mzukwa, iwe uli chete kumwa tiyi."

"Munati wina asaikhudze. Munaifunditsa ngati maliro achiwiri." Nesi anagwira chikopa chong'ambika cha mpando. "Komanso muno ndi momwe mwatsala fungo lawo. Ndikanakuuzani mukanandiletsa, kapena mukanalira. Ndimaopa zonse ziwiri."

Aphunzitsi anatsamira chitseko. Anadabwa kumva kuti akufuna kuseka. "Namwino wathunthu, kuopseza mayi ako mpaka kuonda."

"Pepani, amayi."

"Ndiye ukamaliza umaigwaditsiranji? Chimenecho ndiye chinandidula miyendo."

Nesi anawayang'ana. "Ine ndimaisiya itaima. Batani lake sindilidziwa n'komwe. Adadi sankalola munthu kulikhudza."

Injini inapitiriza kulira chapansipansi. Aphunzitsi anazungulira kutsogolo kwa galimoto, dzanja likutsata boneti yofunda, mpaka anafika mbali yawo, kumene sanaimeko chichokereni amuna awo. Chitseko chinali pamwamba, popondera pake patali ndi mwendo wawo wodwala. Anatambasula dzanja.

Asanagwire chogwirira, Njati inausa moyo. Inatsika pang'onopang'ono, mosagwedezeka, mpaka popondera panafika pamene pankafika nthawi zonse, n'kuima.

Kudzera pagalasi ankaona manja onse awiri a Nesi ali pachiwongolero.

"Amakaniko anati ndi matumba otaya mpweya," ananong'ona Nesi.

"Anaterodi," anayankha mayi ake. Anatsegula chitseko, nakwera mosavuta, n'kukhala. Mpando unali momwe anausiyira. Anafunafuna mantha mumtima mwawo, koma sanawapeze. "Zikomo," anatero motsitsa, osayang'ana mwana wawo.

Loweruka m'mawa alamu aja anafika ndi wogula, n'kupeza geti lotsegula ndi galaja yopanda kanthu, lona itapindidwa bwino pashelefu. Anali akuyamba kukuwa zoti kwabwera akuba pamene Njati inakhota pakona ya msewu, matayala ali matope okhaokha, Nesi akuyendetsa mosamala ngati wanyamula mazira. Inalowa m'galaja n'kuima, koma palibe amene anatsika. Injini inkalirabe.

Alamu anagogoda pagalasi. Aphunzitsi analitsitsa pang'ono.

"Alamu, bwanayu wafika. Zimitsani, aione."

"Muwapepese, alamu, avutika ulendo. Njati sikupita kulikonse." Anabwezera msana pampando, manja ali pamiyendo. "Lowani m'nyumba, tikupezani. Ikupuma kaye."