Nsanja ya ku Nayuchi

Tsiku lomwe Enock analowa mu shopu ya kampani ya mafoni ya Liwiro pa Balaka, palibe yemwe anamumwetulira. Anali atavala yunifomu ya Mkokomo, kampani yomwe kwa zaka zambiri inkalimbirana makasitomala ndi Liwiro. Tsopano makampani awiriwa anali atangogwirizana zokhala kampani imodzi, ndipo aliyense mu shopumo ankadziwa kuti mabanja awiri akalowa m'nyumba imodzi, ena amagona pakhonde.

Sabina, mtsikana wolembetsa masimukhadi pa kauntala, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kumufunsa ngati wabwera kudzasankha anthu oti achotsedwe ntchito.

"Iyayi achemwali, ine ntchito yanga ndi yokwera nsanja za netiweki," anatero Enock akuseka. "Koma ndikanadziwa kuti pansi pano pali duwa lotere, bwenzi nditatsika kalekale."

Mawu otchipa ngati amenewa Sabina anali atawamvapo kwa anyamata a kabaza, kwa aphunzitsi, ngakhalenso kwa azibambo a imvi zawo. Nanga tsiku limenelo chinamugwira n'chiyani? Mwini wake sangafotokoze. Anangozindikira kuti wamulembera mnyamatayo nambala yake pa kapepala.

Kampani yatsopanoyo inali kalikiliki kumanga nsanja kuchokera ku Balaka, kudzera ku Liwonde, mpaka kumalire ku Nayuchi. Akuti inkabweretsa intaneti yothamanga, yoti anthu azionana nkhope pafoni popanda chithunzi kudukaduka. Enock anali m'gulu lomanga nsanjazo. Loweruka lililonse ankabwera ku Balaka, awiriwo n'kukakhala pa benchi kusiteshoni ya sitima, uku akudya tchipisi cha m'pepala limodzi. Masiku enawo chikondi chinkayenda pafoni.

"Duwa langa, ndili pamwamba pa nsanja. Ndikuona Machinga yense, koma maso anga akufuna Balaka."

"Gwiritsitsa bebi, usagwe. Ndilibenso wina ine."

Vuto linali limodzi. Enock akangofika ku Nayuchi, foni yake inkangoti zii masiku atatu kapena anayi. Iye ankati kumeneko mafoni amamezedwa ndi netiweki ya ku Mozambique, ndipo zidzatha nsanja yatsopano ikadzayamba kugwira ntchito. Sabina sanakayike chifukwa makasitomala ochokera kumalireko ankadandaula zomwezo pa kauntala pake. Ankangopirira, ngakhale kuti mtima unkamupweteka.

Patatha miyezi inayi, zomwe ankaopa zija zinafika. Bwana wa shopuyo, a Bilali, anamuitanira mu ofesi n'kumuikira fomu patebulo. Anati shopu ya pa Balaka itsala ndi anthu awiri okha, omwe anayamba ntchito kalekale. Sabina, poti anali wakhama, anamusungira malo ku likulu ku Blantyre. Akavomera, ntchito ipitirira kumeneko. Akakana, ntchito itha kumapeto kwa mwezi. Anamupatsa mpaka Lachisanu la sabata yotsatira kuti asayine.

Loweruka pa benchi paja, Sabina anafotokoza zonse. Enock anasiya kudya. Anamugwira manja onse awiri, maso ali ofiira ngati munthu woti alira.

"Usapite, wapamtima. Ku Blantyre ukakhala wa yani? Nsanja ya ku Nayuchi ikangoyaka, amalume anga akubwera kudzaonana ndi amalume ako. Ndidzamanga kwanu konkuno monga mwa mwambo. Ndikulonjeza, sudzasowa kanthu uli ndi ine."

Sabina anafunsa kuti nsanjayo iyaka liti. Enock anati Lachisanu lisanafike.

Sabata imeneyo inali yowawa. Lolemba foni ya Enock inali zii. Lachiwiri chimodzimodzi. Fomu ija inali m'chikwama, ndipo nthawi iliyonse Sabina akatsegula kuti atenge cholembera, mtima unkagunda. Ntchito ya ku likulu inali loto lake kuyambira ali kusukulu. Koma kodi munthu angasiye mwamuna womukonda chonchi chifukwa cha mpando wa mu ofesi? Nanga akasiya ntchitoyo, amalumewo osabwera?

A Bilali anamuona kuti sakudya masana. Anamuuza mwachifatse kuti ntchito masiku ano siitoledwa pamsewu, ndipo lonjezo la mnyamata ndi bwino kulikhulupirira ankhoswe atakhala kale pamphasa. Sabina anangogwedeza mutu mwaulemu. Munthu wogwa m'chikondi mungamuuze chiyani?

Lachinayi madzulo, akutseka shopu, foni inalira.

"Nthiti yanga, nsanja yayaka. Uthenga woyamba kudutsa pa nsanja imeneyi ndi wako. Amalume akubwera Loweruka la sabata ya mawa. Kana za ku Blantyre, ndiwe mkazi wanga iwe."

Anauwerenga kasanu. Lachisanu m'mawa, shopu isanadzaze, anachonga pomwe panalembedwa kuti "Ndakana" n'kusayina. A Bilali anamufunsa kawiri ngati waganiza bwino. Kawiri konse anayankha kuti eya.

Cha m'ma thuu koloko masana, pa kauntala pake panafika mayi wachitsikana, mwana ali kumbuyo, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anapereka moni waulemu n'kunena kuti dzina lake ndi Martina, wachokera ku Nayuchi. Anatulutsa kalata m'chikwama. Inali imodzi mwa makalata omwe kampani yatsopano inatumiza kumakomo kwa antchito ake onse, yowauza kuti banja lililonse likatenge kabokosi ka intaneti ka pakhomo ngati mphatso.

Martina anali wolankhulalankhula. Anati kalatayo inafika bambo a kunyumba atachoka, ndiye anaganiza zokatenga yekha kuti akawadzidzimutse. Analawirira kupita ku shopu ya Mkokomo ku Liwonde, komwe ankapita nthawi zonse, koma anapeza yotseka. Pachitseko panali chipepala chonena kuti makampani aphatikizana, onse azipita ku Balaka. Poti ulendo anali atauyamba kale, anangokwera minibasi.

Sabina anatambasula kalatayo. Pamwamba panali dzina la wantchito: Enock Namaona.

Anadziuza kuti ma Enock ndi ambiri m'Malawi muno. Koma pansi pa dzinalo panali nambala ya foni, nambala yomwe iye akanatha kuitchula ngakhale atamudzutsa kutulo.

"Amenewa ndi achimwene anu?" anafunsa Sabina.

"Iyayi achemwali, ndi amuna anga. Tinadalitsa ukwati kutchalitchi, chino ndi chaka chachinayi. Mukuwadziwa? Ndi aja okwera nsanja. Akakhala ku Nayuchi amagona pakhomo, kungoti foni amazimitsa, akuti mabwana amawavutitsa."

Sabina anaika kalatayo pa kauntala. Kumbuyo kwa Martina kunali mzere wa anthu, ena atayamba kale kung'ung'udza. Anatenga kabokosiko, analowetsa simukhadi, n'kulumikiza ku foni ya Martina, manja akungogwira ntchito okha.

Tsono lamulo la kampani linali lakuti kabokosi kalikonse kayesedwe kasitomala asanatuluke, poimba foni yoonana nkhope. Sabina anati aimbe pa nambala ya mu shopu momwemo. Martina anakana akuseka. Anati ulendo wonsewu wayendera munthu mmodzi, ndiye munthu woyamba kumuona pafoni akhale yemweyo.

Foni inaitana kawiri. Kenako nkhope ya Enock inatulukira, chipewa cholimba chili kumutu, kumbuyo kwake kukuoneka zitsulo za nsanja. Chithunzi chinali choyera bwino, mpaka thukuta la pamphuno linkaoneka.

"Amake Kumbu! Zatheka bwanji zimenezi? Muli kuti kodi?"

"Ndili ku Balaka, bambo. Ku Liwonde atseka. Taonani achemwali abwino omwe andithandiza."

Martina anatembenuza foni.

Sabina ndi Enock anayang'anana. Milomo ya Enock inayenda ngati ikufuna kutchula dzina. Lilime lozuna lija linali litauma. Kenako chithunzi chinazima.

"Aa, yaduka?" anafunsa Martina. "Kapena kabokosika n'kowonongeka?"

"Kali bwinobwino, mayi. Adula okha."

Sabina anapempha Martina kuti adikire pang'ono, n'kuthamangira ku ofesi ya a Bilali. Analowa osagogoda. Anawapempha, misozi ili chuchuchu, kuti amubwezere fomu ija, wasintha maganizo, apita ku Blantyre ngakhale mawa lomwe.

A Bilali anavula magalasi awo n'kuusa moyo.

"Mwana wanga, zikanakhala kale bwenzi fomu yako ili mu kabatimu kudikira basi ya Lolemba. Koma ndi intaneti yatsopanoyi, inapita nthawi yomwe unasayina ija. Ayankha kale. Malo aja apereka kwa mtsikana wina wa ku Mkokomo."

A Bilali anayesa kuimbira ku likulu Sabina ali pomwepo. Yankho linali lomwelo.

Sabina anaima pakhomo pa ofesiyo n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Mwamuna analibe, ndipo pakutha pa mwezi akhala alibenso ntchito. Foni yake inanjenjemera m'thumba.

"Duwa langa, chonde usamuuze kanthu. Ndikufotokozera zonse mawa. Ndimakukonda iwe wekha."

Sabina anabweza foniyo m'thumba. Anabwerera pa kauntala pomwe Martina anali akuyamwitsa mwana, kabokosi kali pamiyendo, nkhope ili yowala ngati munthu wopambana mpikisano. Sabina anamuyang'ana. Amuuze? Pamaso pa anthu onsewa, mwana ali kubere? Mayiyu anali atamulakwira chiyani?

"Achemwali, maso afiira bwanji? Mukudwala?"

"Ndi mutu chabe, mayi. Tatsala pang'ono kumaliza."

Kunatsala pepala limodzi lomwe wogwira ntchito pa kauntala ankayenera kudzaza yekha mphatsoyo isanatuluke. Sabina anakopera dzina la Martina kuchokera pa chiphaso cha unzika. Anakopera dzina la Enock kuchokera pa kalata. Mzere wotsatira unkafunsa ubale wa wolandira mphatso ndi wantchitoyo.

Cholembera chinaima pang'ono. Kenako, ndi dzanja lomwe lija linasayina m'mawa, analemba kuti "Mkazi wake." Pansi pake panali malo a mboni yotsimikiza kuti zolembedwazo n'zoona, ndipo Sabina anasayinapo dzina lake.