Kachilonda Kuseri kwa Khutu

Mzime anaima pakhomo la chipinda cha misonkhano cha kuchipatala, n'kukokera chipewa chake chakhonde mpaka chinaphimba khutu lakumanja. Kuseri kwa khutulo kunali kachilonda kouma, kokhakhala, kamene kanatha milungu isanu osapola. Palibe ankadziwa, ngakhale mayi ake omwe.

Dzina loti Mzime anamupatsa ndi anzake a m'gulu lothandizana la pachipatalapo, chifukwa pa odwala khansa ya pakhungu onse amene ankakumana Loweruka loyamba la mwezi, wamng'ono anali iyeyo. Chaka chatha madokotala anamuchotsa chotupa pakhosi. Anagona m'chipatala miyezi iwiri, mayeso n'kumupita, ndipo anabwereza kalasi anzake ali patsogolo. Zinamupweteka zedi. Tsopano kunatsala milungu itatu kuti alembenso. Agonekedwenso? Ayi ndithu, chilondacho chiyambe chadikira.

Chovuta chinali mwambo wa gululo. Asanayambe kucheza ndi kugawana mafuta oteteza khungu ku dzuwa, ankakhala awiriawiri, kuvula zipewa, n'kumayang'anana malo amene munthu sangadzione yekha: pankhongo, kumbuyo kwa khosi, kuseri kwa makutu. Wopezeka ndi kanthu ankapita kwa anesi, amene ankakhala patebulo chapakona.

Koma Mzime anali atakonza kale nzeru. Anadutsa mabenchi onse n'kukakhala pafupi ndi a Telala, bambo wachialubino ngati iye, wopanda khutu lakumanzere. Maso awo anali ofooka moti nyuzipepala ankawerenga ataigunditsa pamphuno. Amenewa akaona chiyani?

"Ha, lero ndadzuka ndi mwayi!" anaseka a Telala. "Masiku onse umandithawa, ati ndimalongolola. Tiye vula chipewacho."

Mzime anavula, n'kuwatembenukira msana. Mwana wa ena anaiwala chinthu chimodzi: munthu amene wasoka zaka makumi atatu ndi maso otere amaona ndi zala. A Telala anapukuta m'manja ndi mankhwala, kenaka anayendetsa nsonga za zala pang'onopang'ono, ngati akufufuza msoko wothothoka. Khosi linali bwino. Khutu lakumanzere, bwino. Atafika kumanja, zala zinaima.

"Kayamba liti aka?" ananong'ona.

"Ndi udzudzu, amalume."

"Udzudzu wosiya nkhanambo yotere? Mwanawe, ine si mwana mnzako."

Misozi inalengeza m'maso mwa Mzime. "Chonde musanene. Ndingolemba kaye mayeso, ndikatha ndidzabwera ndekha. Sindikufuna kubwerezanso kalasi, ndatopa n'kusekedwa."

Kuzungulira iwo anthu ankaseka, mayi wina wogulitsa masamba akudandaula kuti mnzake akumugirigisha dala.

"Langali linayamba chimodzimodzi," anatero a Telala, akugwira pachipsera pamene panali khutu lawo. "Ndinali ndi madiresi khumi ndi awiri a ukwati wa eni ake. Ndinati ndimalize kaye. Nditamaliza kunabwera mayunifolomu, ndinatinso ndimalize kaye. Ndinamalizadi, anthu anatchena, anavina. Ine khutu n'kupita."

Mzime anavalanso chipewa chake.

"Kukunenera sindikunenera ayi, khutu ndi lako. Koma ine ndikupita kwa anesi kukatenga mafuta anga. Maso angawa ukuwadziwa, mabenchi andikhumudwitsa. Ukafuna, undigwire mkono."

Anaimirira, n'kutambasula dzanja osamuyang'ana. Mzime anaona dzanjalo, anaonanso chitseko chotulukira. Komabe ananyamuka, n'kuwagwira.

Anesi anamukhazika pawindo, napinda khutulo, n'kuunika ndi katochi. Anatenga nthawi ndithu.

"Otsimikiza ndi adokotala," anatero pomaliza, "koma mmene ndikuoneramu, kangoyamba kumene. Ubwere Lachiwiri ndi mayi ako. Akakachotsa m'mawa, masana uli kunyumba. Lachinayi ukhale m'kalasi ndi pulasitala wako."

"Osagona m'chipatala?"

"Ugonerenji? Mabedi athuwa amagonera ochedwa kubwera."

Apa ndiye Mzime analira zenizeni, kulira kosakanikirana ndi kuseka, mpaka mayi wamasamba uja anathamanga ndi mpango kudzamupukuta. Milungu isanu yonse ija anaisenza yekha pachabe! A Telala anayamba kukangana ndi anesi kuti botolo lawo la mafuta lachepa, ngati kuti palibe chachitika.

Atakhazikika mtima, Mzime anabwereka foni ya anesi n'kutuluka pakhonde. Inaitana kawiri.

"Amayi, ndine. Pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani." Anapuma kaye mozama. "Musakalipe, mungomva mpaka ndimalize. Lachiwiri musapite kuntchito."