Paipi ya malemu Sadyr

Kubanych anali munthu wosamva za anzake, ndipo ku At-Bashy aliyense ankadziwa zimenezi. Anzake onse anali atatsitsa nkhosa zawo, koma zake mazana awiri zinali zidakali kuphiri. Wailesi inanena kuti chipale chofewa chigwa m'mawa mwake. Tsiku lomwelo paipi ya utsi ya njinga yake yamoto, ya matayala anayi ija, inang'ambika.

Anafika kwa makaniko Esenkul dzuwa litapendeka. Esenkul anayala mapaipi awiri pansi. Imodzi inali yatsopano, yowonda. Inayo inali yakale, yamimba ngati mbuzi ya bere, ndipo kumapeto kwake anamangako kansalu kakuda.

"Injini yako ndi zija zomwera oyilo m'petulo momwemo," anatero Esenkul. "Zoterezi mphamvu yake ili pa paipi. Yamimbayi imakoka pokwera, ndisakunamize. Koma tenga yatsopanoyi."

"Bwanji, achimwene?"

"Yamimbayi ndi ya Sadyr wa kutsidya. Anagwera m'chigwembe masabata atatu apitawo akufunafuna nkhosa zake mu nkhungu. Panjinga yonse, chinapulumuka n'chokhachi. Hatchi ya malemu siikweredwa chaka chisanathe, iwenso ukudziwa."

"Ndiye paipi yasanduka hatchi? Mchira wake uli kuti?"

"Wakutsina khutu ndi mnansi, Kubanych."

"Usiku umodzi wokha, achimwene. Mawa ndibweza."

Anamasula kansalu kaja, n'kumanga paipiyo yekha.

Kunena zoona inkakoka. Njinga inakwera mtunda ikufuka utsi wabuluu, koma kulira kwake kunali kwachilendo, kosasa mawu. Pofika kubusa mdima unali utagwira. Nkhosa za Kubanych zinazolowera kuthamangira phokoso la njinga yake chifukwa ankabwera ndi mchere. Lero zinangodzutsa mitu m'kuwala kwa nyali, kenako zonse balala, kulowa mumdima.

Anazimitsa injini kuti aziitane. Phokoso linapitirira pang'ono, kiyi ali m'manja mwake. Kenako zii.

Pamenepo m'pamene anaona munthu ataima pambali pa njira, wovala chikhoti chachikopa, wopanda chipewa, kuzizira konseko.

"Nati yapansi pa paipiyo wailimbitsa?" anafunsa munthuyo. "Imamasuka."

Kubanych anawerama n'kuigwira. Inalidi yomasuka. Anailimbitsa, akudzifunsa kuti munthuyu waiona bwanji mumdima.

"Ukufuna nkhosa," anatero munthuyo. "Ndikweze. Ndikudziwa kumene zili."

Anamukweza. Njinga siinatsike ngakhale pang'ono ndi kulemera kwake. Kumsana sikunabwere kutentha kwa munthu, koma mawu ankamveka pafupi ndi khutu. Kumanzere. Tsika apa. Usawonjezere moto. Kubanych anabadwira m'mapiri amenewo, koma njira imeneyo sankaidziwa. Anawoloka mtsinje kawiri, kapena unali mtsinje womwewo, sanathe kuzindikira. Mantha anali nawo, inde, koma chachikulu mutu unangoima.

Kenako anamva mapazi kumbuyo. Mapazi ambirimbiri, ndi kulira kwa nkhosa. Zinkatsatira phokoso la paipi. Mtima wake unakhala pansi moti anaseka yekha.

"Mwandithandiza, achimwene. Dzina ndinu yani?"

"Yang'ana kutsogolo," anatero mawuwo.

Chipale chinayamba kugwa. Anayendabe, nkhosa zili pambuyo, mpaka kum'mawa kunayera. Petulo anatha ali pakhomo pa khola. Khola limenelo silinali lake. Anacheuka. Pampando panalibe munthu, ndipo chipale chinali chitaunjikana pamenepo ngati panalibe amene anakhalapo.

Chitseko cha nyumba chinatseguka. Panatuluka mayi wovala zakuda, ketulo ili m'manja. Anayang'ana paipi nthawi yaitali asanayang'ane Kubanych.

"Ndinamva phokosoli likutsika, ndiye ndinatereka tiyi," anatero motsitsa mawu. "Ndinaiwala kuti amuna anga a Sadyr tinawaika m'manda."

Kubanych anagwira nkhosa imodzi n'kuiyang'ana khutu. Zake amazidula khutu lamanzere. Iyi inali yodulidwa lamanja, kawiri. Anagwira ina, n'kugwiranso ina. Zonse zowonda, ubweya uli minga yokhayokha. Mayi uja anatsegula khola, ndipo zinalowa zokha, popanda wozikusa.

"Zakwana," anatero atawerenga, misozi ikutsika. "Lowani mumwe tiyi, bambo. Nanga inu zanu munatsitsa kale?"

Kubanych anayang'ana kuphiri. Njira yokwerera inali itakwiririka, ponse pali mbee.

Ku At-Bashy amanong'onezana kuti Sadyr sakanagona ntchito isanathe, ndipo ankangodikira wopusa woti amukwerere hatchi yake. Esenkul anangomanganso kansalu kakuda n'kupachika paipiyo pakhoma. Kubanych amabwera tsiku lililonse kudzafunsa ngati njira yatseguka, ndipo amakhala pa benchi atafulatira khomalo.