Botolo Loimirira

M'chipinda chapansi cha lesitilanti ina mabotolo onse a vinyo ankagona chammbali, n'chifukwa chake a Mphuno, woyang'anira vinyo, anaima chilili atapeza limodzi litaimirira pashelefu. Botolo lakale amaliimika pokhapokha ngati limwedwa mawa lake, kuti nsenga zikhazikike pansi. Makiyi ankasunga okha.

Dzinalo anawapatsa chifukwa akanunkhiza vinyo wofiira wa ku Italy, wolemera pakamwa uja, ankatchula chaka chimene mphesa zake zinathyoledwa. Koma chimwalirireni akazi awo, amene ankalawa nawo limodzi, mphuno ija inafa. Abwana akanadziwa, ntchito ikanathera pomwepo, ndipo kunyumba kunalibe wowadikira.

Madzulo kunabwera mlendo wovuta, wofuna vinyo wokhwima. A Mphuno anatsegula botolo loimirira lija, n'kulitsanula pang'onopang'ono pamwamba pa kandulo kuti nsenga zisadutse. Mlendoyo atalawa anatseka maso, ndipo pochoka anawagwira chanza.

Zinapitirira motero. Usiku akamapukuta matambula okha, ankamva galasi likukhulana ndi thabwa kunsiko, kenako kaphokoso kofewa ka botolo likukhazikika. M'mawa ankapeza lina litaima, ndipo silinkaphonya zofuna za mlendo wa tsikulo.

"Achimwene," anawanong'oneza mayi wophika, "alonda akuti kunsiku kumamveka munthu akukoka mpweya, ngati akununkhiza. Simukuopa?"

"Ndi makoswe, achemwali."

"Makoswe odziwa zaka za vinyo? Aphunzira bwanji!"

Kunena zoona, sankaopa. Ankakondwa, munthu wosungulumwa uja, mpaka anayamba kutsanzika mdimawo asanakhome chitseko.

Kuseri kwenikweni kunali botolo limene silinali la abwana. Analigula ndi akazi awo chaka cha ukwati wawo, n'kulonjezana kuti sadzalitsegula wina palibe. Mayiwo akudwala anaseka n'kunena kuti, "Musadzamwe nokha, bambo. Ndikadzalifuna ndidzakuuzani."

Usiku wina mvula ikuwaza, analipeza litaimirira. Pafumbi la pakhosi pake panali zidindo za zala zing'onozing'ono.

Analigoneka mwaulemu, n'kunena chapansipansi, "Mayi, silinakhwime. Tidikire chaka china."

Anazimitsa nyale n'kuyamba kukwera masitepe. Asanafike pamwamba, kumbuyo kwawo galasi linakhulana ndi thabwa, n'kukhazikika. Pamenepo fungo linawapeza, loyamba chichitikireni maliro: nthuza zouma, chikopa chakale, ndi mafuta amene akazi awo ankadzola m'manja.

Anakhala pasitepe nthawi yaitali, misozi ikutsika, mantha ndi chimwemwe zitasakanikirana.

M'mawa mayi wophika anawapeza atavala jekete la ukwati, akupukuta matambula awiri.

"Kukubwera alendo, achimwene?"

"Mmodzi," anayankha a Mphuno, n'kumupatsa makiyi. "Mawa mudzatsegule ndinu."