Bawuti Yokana Kumasuka

Linily ananyamuka ku Manyamula dzuwa litalowa kale, ndipo sikunali kufuna kwake. Iye anali namwino wochokera ku Dedza, ndipo akuweruka kumene ndi pamene anamuuza kuti mayi NyaChirwa abanika ndi mphumu. Mayiwa anali amasiye amene anamugulitsa kagalimoto kawo chaka chatha, n'kumuikirapo basela ya ubale: sabata silinkatha osamutumizira nkhwani kapena chinangwa. Mankhwala amene analipo anakanika. Panafunika kuwafikitsa kuchipatala cha ku Boma usiku womwewo.

Koma kagalimotoko kanali kokalamba, kamakani ngati bulu. Katangowoloka kamlatho kena, kanagwa m'dzenje n'kuzima. Linily anapotokola kiyi. Kete... kete... basi. Batire linali litatheratu, ndipo kutsogolo kunali chitunda choti munthu mmodzi sangakankhe.

"Mama, pirirani pang'ono, ndikubwera," anatero, n'kuwasiya atatsamira pampando wakumbuyo, mpweya ukulira m'chifuwa.

Anabwerera wapansi mpaka pagolosale ya a Newton, amene anamubwereka batire lawo loyimbira wailesi. Analisenza pankhata ngati chidebe cha madzi. Njira inkadutsa pambali pa manda, ndipo popita sanawaone n'komwe chifukwa chothamanga. Pobwerera anawaona bwinobwino.

Kumbuyo kwake kunamveka mapazi. Anaima. Nawonso anaima. Anayenda... nawonso anayenda. Ndi batire pamutu munthu sacheuka. Anangoyamba Atate Wathu, n'kumabwereza mzere woyamba wokhawokha.

Atafika anatsegula boneti, tochi ataluma pakamwa. Nthambo zinali zazifupi, choncho batire lakale linayenera kuchoka kaye. Koma chitsulo cholipanikiza chinali chomangidwa ndi bawuti imodzi yodzala dzimbiri. Anaikapo sipanala. Osasuntha. Anathirapo mafuta a injini, anagogoda ndi mwala, anakoka mpaka chikhatho chinasupuka. Bawuti ili gwa! M'galimoto mayi aja anali atasiya ngakhale kubuula. Linily analira, kulira kwenikweni, chifukwa ankawakonda mayiwa ngati omubala.

"Monire, mama."

Tochi inagwa pansi! Pambali pake panaima bambo wamtali, wovala ovolosi yothimbirira, manja ali kumbuyo. Sanamve kufika kwake.

"Mukulimbana nayo chomene," anatero bamboyo mofatsa. "Imeneyo simasuka ngati zinzake. Ipotokoleni ngati mukumanga."

"Ngati ndikumanga? Si ithyoka?"

"Yayi. Yomanga ndiyo yomasula. Mbava za mabatire zinanditopetsa kale."

Mawuwo anali osamveka mutu wake, koma Linily analibe nthawi yofunsa. Anatola tochi, anapotokolera kumanja. Bawuti inalira kwii... n'kugonja. Nthawi yonse ija, namwino wophunzira uja anali akuimangitsa yekha.

Anachotsa batire lakale, anaika la a Newton, anamanga nthambo. Bamboyo sanagwire kanthu ngakhale kamodzi. Anali ataima pazenera lakumbuyo, akuyang'ana wodwalayo nthawi yaitali, monga munthu amayang'anira mwana wogona.

"Muwafunditse mapazi," anatero. "Mapazi awo sachedwa kuzizira. Mwende makora, muyende bwino."

Linily anavula juzi yake n'kukulunga mapaziwo. Analidi ozizira ngati mwala wa kumtsinje. Injini italira, anasuzumira kuti anene yewo wothokoza. Magetsi anaunika msewu wonse, mlatho ndi mitengo ya kumanda... kunalibe munthu.

Ku Boma anawalandira msanga, ndipo pofika m'mawa mayi NyaChirwa anali akupuma bwino, mpaka kudandaula kuti phala lachepa shuga. Linily anawafotokozera za batire, za bawuti, ndi za bambo wachifundo uja.

Mayiwo anaika supuni pansi.

"Mwana wane, bawuti ija anaiika ndi a Zondwayo, amuna anga. Anali makaniko. Chinsinsi chake sanauze munthu aliyense koma ine, ndipo ine ndinaiwala kukuuza. Papita zaka zisanu ndi chimodzi chiwaikireni. Agona pamanda a pamlatho paja."

Linily anamva thupi lonse kuchita tsemwe. Koma mayiwo sanaoneke amantha. Anamugwira dzanja losupuka lija.

"Ananenanso china?"

"Anati ndikufunditseni mapazi."

Mayi NyaChirwa anaseka misozi ikutsika m'masaya, n'kuyang'ana juzi imene inali ikadali kumapazi kwawo.

"Zaka makumi atatu, usiku uliwonse, nkhani inali yomweyo," anatero. "Ine ndimayesa kuti anapuma."