Mlatho wa Pamalire

Mlatho unayamba kudandaula mvula isanagwe n'komwe. Ana akapondapo matabwa ankalira, ndipo mzati wa pakati unali utapendekeka ngati dzino logwedera. Kadzidzi, mtsikana amene anzake anamupatsa dzinali chifukwa cha magalasi ake aakulu, ankawoloka pamenepo kawiri pa tsiku. Kwawo kunali tsidya lino, sukulu tsidya linalo.

Vuto linali pa mapu. Mtsinjewo ndiwo unali malire a maboma awiri, ndipo mzere wofiira unkadutsa pakati penipeni pa madzi. Aphunzitsi anali atafotokoza kuti dziko linagawidwa m'zigawo, zigawo m'maboma, ndipo boma lililonse lili ndi khonsolo yosamalira misewu ndi milatho yake. Nanga mlatho woima mwendo wina kuno, wina uko? Ana a kalasiyo anagwirizana zolemba kalata. Cholembera anapatsa Kadzidzi, poti bambo ake anali kalaliki wa khonsolo ya tsidya lino.

Kalatayo inafika pa desiki yawo Lachiwiri. Malembawo anawazindikira asanawerenge. Anatulutsa faelo ya mlatho m'kabati, yonenepa kuposa buku la masamu: makalata opita tsidya, makalata obwerera, kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

"Bwana, bwanji titumize mmisiri akangoonako?" anafunsa a kalaliki.

Bwanayo sanadzutse mutu. "Tikangokhomapo msomali umodzi, ndiye kuti tavomera kuti mlathowo ndi wathu mpaka kalekale. Kalatayo itumizeni kwa anzathu a tsidya."

A kalaliki anazengereza pang'ono, kenako anadinda. Pansi analemba mawu a masiku onse: Nkhaniyi si ya boma lino.

"Ababa, kalata yathu ija?" anafunsa Kadzidzi pa chakudya.

"Ikuyenda, mwanangu. Za ku ofesi sizifuna phuma."

Mayi ake anawayang'ana m'maso. "Inu mlathowo munapondapo liti? Njinga yanu imalowera kwina."

Mantha a mlathowo a kalaliki anali nawo ndithu, koma a bwana ankawaopa kwambiri.

Mvula inagwa masiku atatu osapuma. Mtsinje unafiira, ukukoka nthambi ndi zigubu, ndipo madzi anafika ponyambita matabwa. Lachisanu masana, mayi wogulitsa tomato analowa mu ofesi osagogoda, nsalu ili yonyowa.

"Mlatho wapita. Ana anali akuweruka. Wanu amuvuula, apita naye ku chipatala cha tsidya."

Njira yozungulira inawatengera a kalaliki maola anayi. Dokotala anawauza pakhonde kuti mwendo wa Kadzidzi wathyoka pawiri, ndipo mayeso a sabata ya mawa sadzalemba. Ana ena awiri anali asanapezeke.

Kadzidzi anali chigonere, nkhope yotupa, magalasi atapita ndi madzi. Anatsinzina pang'ono kuyesa kuona.

"Ndani?"

"Ndine, mwanangu."

Anapapasa mpaka anagwira dzanja lawo. "Musalire, ababa. Inu munayesetsa. Anzanu a tsidya ndi amene alibe chisoni."

A kalaliki akanatha kungogwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma sanatero.

"Ayi, mwanangu. Kalata yako inafika m'manja mwanga. Ndinadziwa kuti walemba ndiwe, ndipo ndinaikankhira kwina ndine."

Kadzidzi anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono, n'kutembenukira ku khoma.