Paipi pa Mpanda Wamoyo

Ireen anazula msomali umene unapindika, nayang'anitsitsa kabowo kamene unasiya pamzati. M'kati munali monyowa. Anakanda khungwa ndi chikhadabo ndipo pansi pake panaoneka pobiriwira.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo ku Limbuli. Ireen anali pa tchuthi kuchokera kusukulu ya ntchito zamanja, kumene ankaphunzira zamagetsi chaka chachiwiri. Mchimwene wake Austin anali atamanga kanyumba kometeramo anthu m'mphepete mwa msewu, ndipo anali atalengeza kale kwa akabaza onse kuti atsegula mawa lake, tsiku la msika. Chimene chinatsala ndi magetsi basi. Ntchito ya Ireen inali kuyendetsa paipi ya pulasitiki pampanda, kuchokera kunyumba kukafika kukanyumbako, kenako n'kulowetsamo mawaya. Paipiyo inali itadutsa kale theka la mpanda.

"Achimwene, tabwerani muone," anaitana Ireen. "Mizati iyi ndi yamoyo."

Austin anafika atanyamula burashi ya penti. "Yamoyo bwanji? Yakupatsa moni?"

"Ndi gilisidiya uyu. Angomusadza nthambi, koma sanaume. Paipi ya magetsi imamangidwa pa chinthu chokhazikika, chosakula, chosagwedezeka. Mitengo iyi mvula ikangogwa iyamba kunenepa. Ikankha tomangira tonseti, paipi idzatseguka polumikiza, madzi adzalowa."

"Zimenezo zichitika mawa?"

"Ayi."

"Sabata yamawa?"

"Mwina chaka chamawa. Mwina chinacho."

"Ndiye ukundiitaniranji lero, injiniya? Anthu asunga ndevu zawo kudikira ine. Khoma msomali, zinazo tidzaziona."

Austin anabwerera kukapenta chitseko uku akuimba mluzu. Ireen anatsala ali chiimire. Aka kanali koyamba kuti munthu wa pakhomo pawo amupatse ntchito ngati mmisiri. Pamene ankapita kusukuluko, Austin yemweyo ndiye ankamuikira kumbuyo anthu akamaseka kuti mtsikana sangakwere makwerero. Kodi lero amuchititse manyazi pamaso pa anzake chifukwa cha ngozi imene palibe akuiona? Anadziuza kuti adzabwera pa tchuthi cha Disembala n'kudzakonza. Anatola hamala n'kukhoma chomangira china, kenako chinanso.

Chakumasana amayi awo anatulukira kuchokera kudimba, chikwanje chili m'manja. Anaima n'kuyamikira.

"Yawongoka bwino ngati mzere wa tiyi," anatero. "Koma mpanda wangawu usaunyoze poona wauma chonchi. Pofika Januwale sudzauzindikira. Masamba okhaokha, munthu wa kumsewu osamuona."

"Ndiye paipiyi idzabisika?" anafunsa Ireen.

"Idzaonekera pati? Ine mbuzi zanga zimadya pomwepa. M'mawa uliwonse ndimangodutsa n'kumasadza, dzanja linazolowera lokha."

Polankhulapo, maso awo anagwera pa kamphukira kamene kanatuluka m'mbali mwa mzati. Sanaganize n'komwe. Dzanja linakwera, chikwanje chinatsika. Kamphukira kanagwa, koma chikwanjecho chinapitirira n'kukalowa m'paipi, khwa! Paipi inang'ambika mpaka pakati.

"Mayo ine! Ndakuonongera, mwanawe. Pepa, ungomata pamenepo."

Ireen ankayang'ana chikwanjecho. Chigwiriro chake chamtengo chinathyoka kalekale, ndipo amayi ankangogwira pachitsulo pokulunga kansanza. Anayang'ananso mapazi awo, opanda nsapato, a matope a kudimba. Mawaya anali akadali pakhonde, okulungidwa, osalowetsedwa. Paipi inali yopanda kanthu lero lokha.

Anatembenuza hamala n'kuyamba kuzula tomangira, kamodzikamodzi, kubwerera kunyumba.

Austin anamva phokoso la misomali n'kubwera chothamanga. "Iwe, wapenga? Ukuphwasuliranji?"

"Siidutsa pampanda. Idutsa pansi, m'ngalande yakuya, kutali ndi mizu ya mitengoyi."

"Dothi la Okutobala? Ndi mwala umenewo! Tidzamaliza liti?"

"Mawa ayi."

"Ukudziwa zimene akabaza adzanene? Adzanditcha wometa wa mdima mpaka ndidzakalambe. Bweretsa hamalayo, ndikhoma ndekha."

Ireen anam'patsa hamala. Anam'patsanso chidutswa cha paipi chong'ambikacho. "Khomani. Koma mawaya sindilowetsa, ndipo munthu wa chiphaso cha zamagetsi akadzabwera kudzayendera ndidzamuonetsa ichi. Chachita zimenezi ndi chikwanje cha amayi. Sanachite dala, ndipo mu Januwale sadzachitanso dala."

Austin anaponya chidutswacho pansi n'kuchoka. Tsiku lonselo sanamulankhulenso.

M'mawa mwake msika unadzaza. Austin anatsegula chitseko chake chatsopano ali ndi sizasi ndi chipeso. Akabaza anafika, anafunsa makina ometera, anaseka mpaka kugwira m'mimba, nakwera njinga zawo kukametetsa kwina. Austin anangometa nkhalamba imodzi ndi mwana wina amene analira mpaka kumaliza. Ireen ankamva zonsezo ali kuseri kwa mpanda, akulimbana ndi dothi louma. Khasu linkangodumpha. Manja ake anatuluka matuza, ngalande isanafike n'komwe pamtengo wa mapeyala wa pafupi ndi nyumba.

Dzuwa litapendeka, amayi anatuluka kukafunira mbuzi chakudya. Austin anali atakhala pakhomo la kanyumba kake kopanda anthu. Anawaona akuyenda m'mbali mwa mpanda, akucheza ndi mayi wina wa kumsewu, nkhope ili uko, chikwanje chikugwa chokha pamzati uliwonse pamene panatuluka kobiriwira. Chinkagwa ndendende pamzere wa timabowo ta misomali.

Anawayang'ana mpaka anafika kumapeto kwa mpanda. Kenako anatseka chitseko, napita kwa aneba. Pobwerera anali ndi piki paphewa ndi ndowa ya madzi yofewetsera dothi.

Anaima pamwamba pa ngalande, osayang'ana mlongo wake kumaso.

"Tuluka m'menemo, ukungokanda ngati nkhuku," anatero. "Ifike pati?"

Ireen anaimirira m'ngalandemo n'kuloza pamwamba pa bondo lake.

"Mpaka pamenepo? Tikukwirira paipi kapena munthu?"

"Paipi, achimwene."

Austin analavulira m'manja, nakweza piki.